Makaseti a Wendell

Darlene ankaphikira ana pa sukulu ya pulayimale mumzinda wa Duluth. Mlongo wake wamng'ono, Wendell, anali mtolankhani wa kunkhondo, wolembanso mabuku ndi kukonza mafilimu. Kulikonse kumene kwabuka nkhondo, ankajambula mawu a asilikali pa makaseti n'kuwatumiza kwa Darlene kuti awatayipe. Dzina la Darlene silinalembedwepo m'buku la Wendell ngakhale limodzi, ndipo iye sanadandaulepo.

Loweruka likafika, ankakhala pa tebulo la kukhitchini n'kumabweza kaseti mpaka liwu lililonse litamveka. Koma chimene ankatcherera khutu kwenikweni chinali mawu a Wendell pakati pa mafunso. Akaseka, ndiye kuti akudya bwino. Akamafunsa mofulumira, ndiye kuti mabomba ali pafupi. Wendell sankakonda kuimba foni, choncho za moyo wake Darlene ankazidziwira momwemo.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, Wendell anaimba foni.

"Achemwali, mwapuma tsopano. Makompyuta ayamba kutayipa okha. Za makaseti zatha."

"Chabwino," anatero Darlene. "Nanga ndizidziwa bwanji kuti uli moyo, mwana wosamva iwe?"

"Muzindiona pa TV."

"Pa TV umavala nkhope ya eni ake."

Wendell anaseka, n'kunena kuti galimoto ikumudikira panja.

"Idikire. Usadule," anatero Darlene. "Tandiuza, wadya chiyani lero?"

Wendell anayamba kufotokoza za mpunga ndi nyama ya nkhosa yosapsa bwino. Darlene anatsinzina n'kumamvetsera, zala zake zikugogoda pang'onopang'ono patebulo ngati akutayipa.