Madontho Awiri ndi Rula Yothyoka

Mlamu wanga Yusufu anabwera kuchokera ku Joni ali ndi matenda a chiwindi komanso mapepala awiri a kuchipatala. Pepala lina linkasonyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi asanayambe mankhwala, lina atamwako miyezi ingapo. Ine, mphunzitsi wa masamu pa kasukulu kapulaiveti ku Biwi, ndinavala magalasi ngati pulofesa. Ndinaika madontho awiri papepala, n'kulemba mzere ndi rula yothyoka mpaka pansi.

"Alamu, pofika Juni tizilomboti tidzakhala titatha. Masamu sanama."

Juni atakwana, munthuyo anasiyadi mankhwala. Posakhalitsa maso ake anasanduka achikasu, ndipo ndinamuperekeza kuchipatala.

"Tizilomboti timachepa msanga poyamba, kenako pang'onopang'ono, ndipo mukasiya mankhwala timabwerera," anatero dokotala. "Anakuuzani kuti musiye ndani?"

Rula ija inali m'thumba la shati yanga. Ndinapukusa mutu mokwiya n'kunena kuti, "Adokotala, anthu a m'makomboni muno amangoyankhula zilizonse."

Mlamu anangondiyang'ana.

Anayambiranso mankhwala ndipo akupeza bwino. Koma mpaka lero, ana ake masamu akawavuta, amawatumiza kwa mayi wogulitsa makala.