Kandege ka Pakabati Pathu

Ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, tinkakhala m'nyumba yosanjikizana, ndipo khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mayi wina wamasiye wa ku Afghanistan. Tinadziwana chifukwa cha mbale. Madzulo ena m'mwezi wa Ramadani anagogoda atanyamula mpunga wothira karoti ndi mphesa zouma. Ine, poti kwathu ku Mangochi sitibweza mbale ya mnzathu ilibe kanthu, ndinaibweza itadzaza zitumbuwa. Anaseka n'kundiuza kuti kwawonso amatero. Kuyambira pamenepo mbale yake ija, yoyera ya maluwa abuluu, inkangoyendayenda pakati pa makomo awiriwo. Mumzinda umene anthu amakwera chikepe chimodzi osapatsana moni, ameneyu ndiye anali mnzanga, ndipo ndinalibe wina.

Bambo a kunyumba ankagwira ntchito ku Mississauga, pakampani yosula tizitsulo ta ndege. Yawo inali yopukuta tizitsuloto mpaka tiwale, koma mukanawamva akufotokoza pagulu la Amalawi mukanati ndegezo amaziulutsa okha. Chaka china abwana awo anawapatsa mphatso ya kandege kachidole, kotuwa, kosongoka mphuno. Kanali kofanizira chindege cha nkhondo cha ku America, chimene tizitsulo tina ta pakampanipo tinkalowamo. Ndinakaika pakabati ya pabalaza, pakansalu koluka, pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi cha ukwati wathu. Kwathu chinthu chaulemu chimakhala poonekera, kuti mlendo adziwe kuti walowa m'nyumba ya anthu. Loweruka lililonse ndinkakapukuta fumbi.

Pa Idi ya chaka chotsatira ndinamuitana mnzangayo kudzadya kwathu. Kanali koyamba kuti alowe m'kati, popeza masiku onse tinkachezera pakhomo. Anabwera ndi mbale ija itadzaza makeke a kwawo. Titatha kudya, bambo anadzuka n'kutsitsa kandege kaja, monga ankachitira ndi mlendo aliyense.

"Mayi, iyi si ndege wamba," anayamba motero m'Chingerezi. "Anaikonza zaka zambirimbiri. Boma la ku America linafika poisiya, ati yadula, koma boma lina litalowa linaidzutsanso. Taonani mapikowa." Anawapindira kumbuyo ndi zala. "Ikatere imathamanga mpaka kusiya phokoso lake m'mbuyo. Mabomba amene imanyamula, lole imodzi singakwane."

Ndinaona mnzangayo akuika kapu yake pansi pang'onopang'ono. Ndinalankhula m'Chichewa kuti iye asamve.

"Bambo, tasiyani zimenezo, tiyi wanu akuzizira."

"Taimani kaye ndifinishe," anandiyankha, osandiyang'ana n'komwe.

Mayi uja anatambasula manja, bambo n'kumupatsa mokondwera. Anakatembenuza n'kukayang'ana kumimba nthawi yaitali.

"Kani imaoneka chonchi," anatero. "Ife sitinkaziona bwino. Zinkadutsa m'mwamba kwambiri, ngati kadontho. Mwamuna wanga anapita kumunda wathu wa mphesa kukatsegulira madzi. Nsalu imene tinamukulungira inali yaing'ono ngati ya khanda. Sindidziwa ngati inali ndege iyi kapena ina."

Sanalire. Anadzuka, n'kukabwezera kandegeko pakabati ndi manja onse awiri, n'kuwongola kansalu kanga koluka pamene kanapindika. Anathokoza chakudya n'kutuluka, mbale yake n'kutsala patebulo.

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo chibadwire. Miyezi yonse ija ndinkadziwa kuti ndi wamasiye ndipo ndinkadziwa dziko limene anachokera, koma mutu wanga sunalumikize zimenezi ndi kachidole kamene ndinkakapukuta. Kwathu ndege ikadutsa tinkathamangira pabwalo n'kumaibayibitsa. Sindinaganizepo kuti kuli ana ena amene ankathamangira kobisala.

"Ine ndimangopolisha basi, sindiponya," anatero bambo, mawu atatsika. Sanali kunama, ndipo ntchito yomweyo ndi imene inkatidyetsa. Koma m'mawa mwake anatenga okha kandegeko n'kukakankhira m'katoni ya nsapato zam'chisanu.

Mbale ndiyo inandisowetsa mtendere. Ndinaitsuka n'kuiika pamwamba pa fuliji. Kangapo konse ndinakazinga zitumbuwa, kuzisanja bwinobwino, kufika nazo pakhomo lake, dzanja n'kukanika kugogoda. Ndinkadzifunsa kuti munthu wotere ungamuikire chiyani m'mbale. Zitumbuwazo zinkathera m'mimba mwa ana anga, amene ankangodabwa kuti amayi awo ayamba liti kuwakonda chonchi.

Patapita masabata angapo anagogoda yekha. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za ana, kenako anati akuyembekezera alendo ndipo akufuna mbale yake.

"Dikirani pang'ono, achemwali, ndiikemo kanthu," ndinatero, ndikuyang'ana kukhitchini kumene kunalibe chilichonse chophika.

"Ayi, musavutike. Ingondipatsani choncho."

Ndinaitsitsa pafuliji paja n'kumupatsa ili mbee. Mpaka tsiku limene tinasamukira ku Markham ankandipatsabe moni m'chikepe, ndipo sanandikwinyirepo nkhope. Koma mbale ija sinabwerenso pakhomo panga.