Ndinaopa kuuza abwana kuti asazule mawaya

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito mayi wosalakwa chifukwa cha ulemu wopusa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Zipani zambiri zitabwera, mabungwe anachuluka kwathu kuno ku Neno. Ine ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi a manachesi ndi mbatatesi, pa boma pomwepa. Udindo wanga unali kusamalira kompyuta yaikulu ya mu ofesi, imene tinkaitchula kuti seva. M'menemo munali ntchito yonse ya mayi Nachisale, amene ankayenda wapansi mpaka ku Magaleta ndi ku Chifunga kuyeza minda ndi kulemba zokolola. Opereka thandizo ankaonera zimenezo kuti adziwe ngati ntchito ikuyenda. Mayiwa anali amasiye, ndipo ana awo ankadalira ntchito yomweyi.

M'sevamo munali pulogalamu yokopera zonse pa tepi tsiku lililonse, kuti makina akadzafa tisadzalire. Pulogalamuyo inkadzikonzanso yokha nthawi ndi nthawi, polandira zatsopano kudzera pa waya wa foni. Katswiri wa ku Blantyre amene anaiika anandichenjeza kuti ikayamba kulandira, isadulidwe pakati.

Koma abwana athu a Mbewe, bambo wachikulire ndiponso mkulu wa mpingo, mphenzi ankaiopa koopsa. Bingu likangogunda, ankadzuka n'kuzula mawaya onse mu ofesi. Masana ena kukugwa mvula, anazula pulogalamu ili pakati polandira. Ndinaona ndi maso angawa, koma pakamwa panandilemera. Mwana ngati ine, kuuza munthu wa imvi kuti mwalakwitsa?

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse pa sikirini pankabwera uthenga wofiira wakuti kudzikonza kwalephera ndipo kukopera kwaima. Kuimbira katswiri sikunali kophweka, chifukwa foni ya mu ofesi inkakhala ndi loko, kiyi wake m'thumba mwa abwana. Ndikanapempha kiyiyo akanandifunsa chavuta n'chiyani, ndipo ndikanayenera kuwatchula iwowo. Ndiye ndinati ndikonza ndekha mwakachetechete.

Ndinachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso kuchokera pa madisiki akale. Itandifunsa ngati ndikufuna kukonzekeretsa tepi, ndinavomera msangamsanga, osadziwa kuti kutero n'kufufuta zonse zimene zinali pa tepiyo. Komatu tepi tinali nayo imodzi yokha. Uthenga wofiira unasiya kubwera, ine n'kumadzitama mumtima kuti ndine dolo. Kupusa kwanga! Pulogalamuyo sindinaiuze zoti izikopera, ndiye inangokhala duu osagwira ntchito.

Dzinja lisanathe, seva inafa. Inangolira ngati chigayo chotha mafuta, kenaka zii. Katswiri anafika movutikira, galimoto ili matope okhaokha. Ataika tepi ija anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, muno mulibe kanthu." Mapepala amene mayi Nachisale ankalembapo kuminda nawo kunalibe. Tinali titagawira amayi ogulitsa mandasi pamsika, poti eti zonse zili mu kompyuta.

Opereka thandizo atabwera, tinalibe choonetsa. Akuluakulu a ku likulu la bungwe lathu anati mayi Nachisale sankapita kuminda, ankangonama. Apa m'pamene pakamwa panga panatseguka, ndipo ndinaulula zonse pamaso pa abwana. A Mbewe sanakalipe. Anangogwira mutu n'kuti, "Mwana wanga, bwanji sunandiuze? Ndikanasiya kuzula." Analembera ku likulu kuchonderera kuti mayiwo asachotsedwe ntchito, koma kumeneko anali atagamula kale. Ine, mwini mlandu, anangondidzudzula n'kundisiya pa ntchito.

Inu amene mumasamalira makina otere, uthenga wofiira ukabwera itanani wodziwa tsiku lomwelo, musamayese zimene simukuzidziwa. Matepi azikhala awiri, ndipo muziwatsegula kuti muone ngati mulidi kanthu. Koma chachikulu, wamkulu akalakwitsa muuzeni, ngakhale mogwada. Manyazi anga sanatchinjirize a Mbewe ku chilichonse.

Mayi Nachisale anabwerera kwawo ku Midzemba, ndipo mwana wawo woyamba anasiyira sukulu panjira. Masiku ano amagulitsa tomato pa Lisungwi. Ndikamadutsa amandiitana, amandifunsa za kunyumba, kenaka n'kundiikira basera wambiri. Ine ndimalandira ndi manja awiri, koma kuwayang'ana kumaso ndimalephera.