Mmbulu Wofiira wa Glenda

Mkulu wanga Glenda Hrynyk wakonza tsitsi la azimayi a ku Scarborough zaka makumi atatu, ndipo sindinamumvepo akupepesa kasitomala. Makani anabadwa nawo. Ine ndinakula ndikumuopa, mpaka lero amandiyankhulabe ngati ndili ndi zaka zisanu.

Chaka china, masamba atayamba kuyoyoka, kunabwera anthu ojambula filimu yoopsa ya atsikana awiri apachibale, wamkuluyo n'kumasanduka mmbulu pang'onopang'ono. Ankafuna munthu wosomeka ubweya pachikopa cha mphira cha chilombocho, tsitsi limodzilimodzi, ndi singano. Glenda anavomera. Anakhala chiweramire m'galaja yozizira masabata asanu, zala zili zotupa, ine ndikumupititsira khofi amene sankathokoza n'komwe.

Mtsikana amene ankasewera ngati wamkulu uja anali ndi tsitsi lofiira. Ndiye Glenda anasomeka lofiira lomwelo, kuyambira pamutu pa chilombo mpaka kumchira.

Wotsogolera filimuyo, Desmond Achterberg, atachiona anachita tsinya.

"Mayi, mmbulu wofiira munauona kuti? Anthu akatiseka. Zulani, muike lakuda."

"Nanga munthu wosanduka mmbulu wakuda munamuona kuti, achimwene? Kwanu alipo?"

"Ife tikufuna chilombo choopsa."

"Kumapeto kwa filimu yanuyi mng'ono wake agwira mpeni, si choncho? Akaona chigalu chakuda angobaya n'kupita kukadya. Ine ndikufuna aone mkulu wake."

"Ndipeza munthu wina."

"Pezani. Mukujambula mawa. Singano ndi iyi."

Desmond anayang'ana singanoyo, koma sanailandire. Anatuluka akung'ung'udza, Glenda n'kupitiriza kusomeka ngati panangodutsa ntchentche.

M'mawa mwake tinaima kumbuyo kwa makamera. Mtsikana wamng'ono uja anakweza mpeni, chilombo n'kutembenuka, tsitsi lofiira lija litagwera kumaso. Mawu onse amene mtsikanayo analoweza anamuthawa. Anabwereza katatu, katatu konse akulephera kubaya msanga. Desmond anasunga zimenezo m'filimu, koma kuti anene zikomo, ayi ndithu.

Glenda ananditsina pamkono.

"Ukanakhala iwe, Noreen, bwenzi utandibaya koyamba komwe."

"Kawiri," ndinatero, poti kwathu sitigonjerana.

Koma misozi inali ikutsika m'masaya mwanga, ndipo iye anaiona. Anandipatsa mpango wake wodzaza ubweya, osandiyang'ana.