Mzamba Amene Anasunga Chinsinsi Changa

Akhristu anzanga, mwezi uno tataya apongozi anga, mzamba wathu uja wokhala pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi. Ndikulemba izi mtima ukuwawa.

Anabadwira m'banja losauka, ndipo mayi awo anamwalira pobereka mwana wina, iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. N'chifukwa chake anaphunzira uzamba. Kwa zaka makumi atatu analandira ana m'chipinda chochirira cha mabedi anayi, ndipo asanaweruke ankasamba m'manja pasinki uku akupemphera. Ankakonda kunena kuti, "Zomwe ndamva muno zipite ndi madziwa."

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo. Nditabereka mtsikana wachitatu ndinataya magazi ambiri, ndipo dokotala anati mimba ina idzandipha. Koma amuna anga ankafunitsitsa mwana wamwamuna, ndiye ndinkaopa kuti akamva andisiya. Ndinapita kwa apongozi kuchipatala, ndinasaina ndekha pepala, iwo n'kundiika kachipangizo kolerera pamkono. Ndinawachonderera kuti asanene.

"Muno sindine apongozi ako, mwananga, ndine mzamba," anatero. "Sindinena. Koma ukamuuze wekha."

Sindinawauze. Patatha zaka ziwiri amuna anga anapeza khadi langa la kuchipatala, n'kuzindikira kalembedwe ka mayi awo. Anathamangira kwawo atalusa.

"Amayi, mwatseka mkazi wanga? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Za wodwala sindinena, ngakhale kwa iwe."

Anaganiza kuti mayi awo anachita kundikakamiza, ine n'kungokhala duu. Mayo ine, mantha ndi oipa! Zaka zisanu ndi chimodzi sanaponde pakhomo pa mayi awo. Apongozi ankangowasungira malo pabenchi paja Lamlungu lililonse, osadandaulira munthu, ngakhale abusa. Akandiona ankangofunsa za ana.

Apongozi atadwala, matenda n'kukula, ndinaulula zonse kwa amuna anga. Amuna anga anafika akulira, koma mayi awo anali atasiya kale kuyankhula. Anangotambasula manja. Ndinadziwa chomwe akufuna, ndinabweretsa beseni, mwana wawo n'kuwasambitsa m'manjamo. Anatisiya mwamtendere manja asanaume.

Anatiphunzitsa kuti chinsinsi cha wodwala n'cha wodwalayo, ngakhale chikuwotche pochisunga. Atsikana anga atatu ali ndi mayi lero chifukwa cha iwo. Bambo awo alibe mayi, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zija ndinawabera ndine. Mukamapempherera apongozi anga, nanenso musandiiwale.