Katani Yoyera ya Pakhomo la Abambo

Nsaluyo inali ya bafuta woyera, yaitali moti amayi ankachita kuipinda pawiri poiponya pachingwe. Inkalendewera pakhomo la chipinda cha abambo, kwathu ku Mwadzama, ndipo mphepo ya kunyanja ikalowa inkafufuma n'kubwereranso. Inkanunkhira ubani. M'nyumba mwathu munalibe china choyera chotero, ngakhale mano athu.

Inatuluka m'bokosi dzinja limene denga linayamba kudontha. Abambo anali atasiya zopita kunyanja. Chifuwa chinali chitawagoneka pamphasa, ndipo ankakhosomola mpaka kulavula timagazi m'kachitini. Amayi atapeza nkhungu m'mphepete mwa nsaluyo, abambo anati, "Ipachikeni pomwe ndiziiona." Ine ndinangouzidwa kuti ndi katani, ndisamaigwire ndi manja a usipa. Ndinanyada, poti makatani ndinkangowaona kunyumba kwa aphunzitsi.

Lero ndikudziwa kuti inali sanda, nsalu imene ife Asilamu timakulungamo maliro. Abambo anaigula okha akadali ndi mphamvu zopalasa bwato, kuti tsiku lawo likadzafika asadzapemphetse anthu.

Teremu yomweyo kunamveka kuti kukubwera nduna, ndipo msonkhano udzachitikira pabwalo la sukulu yathu. Aphunzitsi, amene ankakonda Chingerezi ngati anayamwa chomwecho, anapatsidwa ntchito yokongoletsa nsanja. Analemba pabolodi mawu akuti "drape", nafotokoza kuti ndi kupachika nsalu osaikunga, kuti izigwa yokha m'mapindo ake: pawindo, patebulo, ngakhale paphewa pa munthu. Anatibwerezetsa mpaka kukhosi kuuma. Chovuta chinali chakuti nsanjayo inkafunika nsalu yoyera, koma bafuta sankapezeka ku Benga ngakhale kuboma.

Atcheyamani a chipani anaiona nsalu yathu atabwera kudzafunsa makhadi a umembala. Anasuzumira m'nyumba, naigwira ndi zala. "Boma likubwereka," anatero. Anyamata awo anaiyanula abambo akuyang'ana.

Apa amayi anagwira njakata. Masiku amenewo wokana kubwereka boma ankasanduka mdani wa boma. Kunena zoona kunali koopsa kuposa kukana: kodi akanati nduna ikayankhula itazunguliridwa ndi nsalu ya maliro, ndani akanakhulupirira kuti sitikuilodza? Ena anatengedwa pagalimoto pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Choncho amayi anangoti, "Zikomo."

Pachingwe anapachikapo chiguduli. M'mawa uliwonse ndinkamva abambo akufunsa kuseri kwake, "Yabwera?" Amayi ankayankha kuti ibwera, n'kutuluka kukakhala kuseri kwa nyumba. Abambo anasiya kudya, mwina ankangomwa madzi a mpunga pang'ono. Amalume, alongo awo a amayi, anazungulira masitolo ndi matelala onse pa njinga yobwereka, nabwerako chimanjamanja, matope mpaka m'mawondo.

Tsiku lina amayi ananditenga kupita kwa aphunzitsi. Anagwada pakhonde, natulutsa chitenje chawo cha tsiku la Idi, chokhacho chabwino chimene anali nacho. Anapempha kuti asinthanitse ndi nsalu yathu ija. Aphunzitsi anadabwa. "Mayi, katani yokha mpaka kugwada? Msonkhano ukatha muitenga." Amayi anapinda chitenje chawo, tinabwerera kwathu. Sindiwada aphunzitsiwo. Nawonso anali ndi mantha awo, ndipo sanali a chipembedzo chathu kuti azindikire. Koma ndikakumbukira mawondo a amayi pasimenti yonyowa ija, mtima umandiwawabe.

Msonkhano utafika, ana asukulu tonse tinandandalikidwa padzuwa. Nsalu yathu inali kutsogolo kwa nsanja, itakhomedwa ndi misomali, ikugwa m'mapindo monga aphunzitsi ankafunira. Kunena zoona, inakongola. Ndinkakodola anzanga n'kumawauza kuti ndi katani ya kwathu, ndipo ndinayimba mokweza kuposa onse.

Amalume ndinawaona chakumasana, ataima kumbuyo kwa anthu, kofia ili m'manja, maso ali pansanja. Sankaomba m'manja mpaka mnyamata wina wa chipani atawayang'anitsitsa. Pamenepo n'kuti abambo atatisiya, mtembo uli pamphasa wopanda chokulungira, ndipo nduna inali isanafike n'komwe. Amalume anadikira magule onse ndi zoyankhula zonse. Galimoto zitangochoka anakwera pansanja, nayamba kuzula misomali ndi mpeni wawo wotumbulira nsomba.

Nditafika kunyumba ndinapeza anthu adzaza, akulira. Amayi sankalira nawo. Anali kuseri, atachapa kale nsalu ija, akusoka mabowo a misomali limodzilimodzi isanaume n'komwe. Dzimbiri linakana kuchoka. Ankalipukuta ndi ndimu, n'kumanong'ona kuti, "Pepani, pepani," ndipo sindinadziwe kuti akupepesa ndani.

Ana aakazi sitinkaona zosambitsa maliro a amuna, ndipo kumanda sitinkapita. Ndinangoona jeneza, machira onyamulira maliro, ikutuluka pamapewa a anthu.

Anthu atabalalika, chiguduli chija chinali chikadali pachingwe, ndipo chinkandinyansa. Ndinafunsa amayi kuti katani yathu tipachikanso liti.

"Abambo ako apita nayo," anatero.

Ndinakhumudwa nawo abambo masiku ambiri. Sindinkamvetsa kuti munthu wopita kumene kulibe khomo kapena windo angatengerenji katani yokhayo imene tinali nayo.