Thabwa la Misomali la a Mafupa

Tsiku limene poto anapserera, a Mafupa anali atakhala pampando kukhitchini komweko, utsi uli tolotolo, iwo akudabwa kuti kodi ndani akuwotcha zinyalala masanasana. Anawapulumutsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene analowa akutsokomola n'kuzimitsa mbaula yamagetsi.

"Bambo, mukufuna kufera m'nyumba muno? Mpungawu wateleka ndani?"

A Mafupa anayang'ana poto uja, wakuda bii. Anakumbukira kuti njala inawapweteka. Anakumbukira kuti anatsuka mpunga. Koma pakati pa kutsuka mpunga ndi utsiwo, m'mutu mwawo munalibe chilichonse.

Inu amene mukuwerenga, dikirani ndikuuzeni kuti bambo amenewa anali ndani, mungayambe kuwaona ngati munthu wamba. Anali wodula nyama pabutchala ya mumsika kuyambira ali mnyamata. Dzina loti Mafupa anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa ngakhale upemphe mnofu wokhawokha, pofika kunyumba umakapeza kafupa katabisala pansi pa pepala. Ukabwerera kukadandaula ankangoseka n'kunena kuti, "Kameneko ndi ka msuzi, ndakukomera mtima." Mpeni unkawamvera bambo amenewa. Mwendo wa ng'ombe ankaumaliza akucheza za mpira, osayang'ana n'komwe.

Ndiye inabwera sitiroko. Dzanja lamanzere linafooka, mwendo n'kuyamba kukoka. Koma chimene chinawazunguza kwambiri n'chakuti zinthu za mbali ya kumanzere zinkawasowa. Ankadya theka la mbale n'kudandaula kuti chakudya chachepa, pomwe theka lina lili pompo. Maso analibe vuto, adokotala anatero, koma ubongo ndi umene unkaiwala kuyang'ana mbali imeneyo. A Mafupa sanazimvetse. Munthu angaiwale bwanji mbali yonse ya dziko?

Akazi awo ankasoka zovala kufakitale, kuchoka m'mawa, kubwera madzulo. Atamva za poto uja sanakalipe. Anazula chingwe cha mbaula n'kuchiika m'chikwama chawo, mipeni yonse n'kuibisa. Kenako anaitana achemwali a amuna awo, ndipo awiriwo anakhala pabalaza n'kumalankhula motsitsa mawu, akuyesa kuti wodwalayo wagona.

"Alamu, amuna anga sindikuwakana ayi. Koma ndikasiya ntchito tidya chiyani? Ndimasoka manja ali kumakina, mtima uli kuno. Moto sangayandikire, ndipo chakudya chimene ndimawasiyira amachipeza chitazizira, mwina osachipeza kumene."

"Mubweretseni kwanga basi," anatero achemwaliwo. "Ameneyu ndinamubereka kumsana ndine. Mwezi ukatha ndibwera ndi galimoto kudzamutenga."

A Mafupa anamva zonse ali kuchipinda. Ndinene mosabisa, anachita mantha. Achemwali awo ndi munthu wachikondi, koma chikondi chake n'chokudyetsa ndi supuni n'kukupukuta kukamwa alendo akuona. Ndipo chikwatirane, iwo ndi akazi awo anali asanakhalepo nyumba zosiyana.

Mlendo atapita, a Mafupa anafunsa akazi awo kuti, "Mayi, nditati ndizidzikonzera ndekha chakudya masana, popanda moto, ndipitabe?"

"Popanda moto mudya chiyani, bambo? Mphepo?"

Funso limenelo a Mafupa analitenga n'kupita nalo kuchipatala tsiku la mafizo, kumene mayi wina wophunzitsa odwala kuyendetsa ziwalo ankawapatsa kampira koti azifinya. Mayiyo anawauza zimene ankawauza nthawi zonse: mchere pang'ono, nyama yonona ayi, masamba ambiri, ndipo ena azidya osaphika, saladi.

"Saladi?" anatero a Mafupa. "Tija amaika m'mphepete mwa mbale toti munthu azikankhira kumbali? Mayi, ine ndi mbuzi?"

"Mbuzi sinabwerepo kuno ndi sitiroko," anayankha mayiyo.

Anatuluka atakwiya. Koma ali m'basi, mawu amodzi anakana kuchoka m'mutu: osaphika. Chakudya chosaphika sichifuna mbaula. Abale inu, munthu amene wadula nyama moyo wake wonse anayamba kuganizira kabichi ngati mnzake wapamtima.

M'mawa mwake akazi awo atangotuluka, a Mafupa anafufuza m'madirowa n'kupeza kampeni kopakira majarini, kobuntha kotheratu. Anatembenuza kapu yadothi, anaipana ndi mawondo, n'kuyamba kunolera kunsi kwake kokhakhala kuja. Dzanja lamanja linali lisanaiwale ntchito. Kampeni kanathwa.

Vuto linali tomato. Dzanja lamanzere linakana kumugwira. Akati adule, tomato uja n'kugubuduka mpaka pansi pa kabati. Wachiwiri anamupana ndi chigongono, ndipo anaphulikira pamalaya. Anyezi anathawira kumanzere, ndiye kwa a Mafupa kunali ngati wasowa m'dziko. Anamusakasaka mpaka kuyamba kukayika ngati m'nyumbamo munali anyezi kumene.

Akazi awo pobwera anawapeza atakhala pansi, mpeni kumanja, pachifuwa pali psuu. Anakuwa mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba.

"Ndi tomato, mayi! Ndi tomato!"

Akazi awowo anagwira malaya aja, ananunkhiza zala zawo, n'kukhala pansi pomwepo, misozi ili chuchuchu. "Mukufuna kundipha ndi mtima, bambo? Mukuchita chiyani kwenikweni?"

"Sindikufuna kupita kwa achemwali," anatero a Mafupa.

Mpeni uja unalandidwa. Koma m'mawa mwake anaupeza uli patebulo, pambali pake pali matimati awiri ndi theka la kabichi, zonse zotsukatsuka ndipo zitaikidwa mbali ya kumanja. Akazi awo anali atapita kale kuntchito.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda. Nkhani itamveka, aliyense anasanduka katswiri. Mayi woyandikana nawo uja anati kabichi wosaphika amadzetsa njoka za m'mimba. Wogulitsa masamba anati azithira viniga. Mlonda wa pageti anati saladi wopanda mayonezi ndi udzu chabe. Wina anati nkhaka azisenda, wina anati mphamvu yonse ili m'khungu momwemo. A Mafupa ankavomera zonse, pofika kunyumba zitasakanikirana m'mutu, osadziwanso kuti choti asende ndi chiti, choti athire viniga ndi chiti. Tsiku lina anathira viniga m'tiyi.

Saladi woyamba amene anafika m'mbale anali wa zidutswa zazikulu ngati nyama yokazinga, ndipo mchere anathira, n'kuiwala, n'kuthiranso, n'kuiwalanso. Atalawa anagwetsa misozi, kaya ya mchere kaya ya chisoni, iwonso sanadziwe. Anayamba kudzifunsa kuti kodi mwina achemwali akunena zoona.

Mwezi unkapita. Tsiku lina anatenga ndodo yawo n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumsika, kumene anali asanapondeko chidwalire. Anaima chapatali ndi butchala ija, manyazi atawagwira. Amene analowa m'malo mwawo anali pantchito, akudula nthiti ndi dzanja limodzi, dzanja linalo lili ndi foni kukhutu. A Mafupa anayamba kung'ung'udza kuti anthu a masiku ano alibe ulemu ndi ntchito. Kenako anasiya. Anayang'anitsitsa. Nanga nyamayo akumugwirira ndani? Inali italendewera pangowe.

"Ha! Koma ine ndiye ndagona," anadziuza. Zaka zonse zija, nyama yaikulu sankaigwira ndi dzanja. Inkagwidwa ndi chitsulo.

Tsiku lotsatira anapita kwa kalipentala, thabwa lodulira lili kukhwapa.

"Mundikhomere misomali itatu apa, yosachita dzimbiri, nsonga zitulukire pamwamba."

Kalipentala anayang'ana thabwa, anayang'ana a Mafupa. "Thabwa labwinobwinoli, madala? Mukufuna kutchera makoswe?"

"Khomani basi. Ndikafotokoza ndiiwala chimene ndabwerera."

Tomato woyamba amene anabayidwa pamisomali ija sanapite kulikonse. Anakhala phee, mpeni n'kudutsa. A Mafupa anaseka okha m'nyumba ngati wopenga. Anabaya nkhaka, anabaya karoti, anabaya kabichi n'kumusenga mopyapyala ngati mmene ankachitira ndi chiwindi.

Zina zija anazipezera njira imodziimodzi. Mchere ankauyeza m'mawa m'kachitsekerero ka botolo, ndipo kakakhala kopanda kanthu ankadziwa kuti wathiridwa kale. Chinthu chikasowa, ankazunguliza thabwa kapena mbale mpaka cha kumanzere chibwere kumanja. Malangizo a anthu anawataya, n'kusunga a mayi wa kuchipatala okha: kutsuka masamba bwinobwino ndi madzi aukhondo, kuduladula, kufinyira ndimu, kudontheza mafuta pang'ono. Akapeza nyemba zotsala dzulo kapena dzira limene akazi awo awiritsa m'mawa ankaikamo, ndipo ankakhuta mpaka madzulo.

Komabe masiku ena mutu unkakana. Akazi awo ankapeza mbale yabwino lero, mawa n'kupeza amuna awo atadula nkhaka zokhazokha zodzaza beseni, osadziwa chifukwa chake. Mtima wawo sunakhazikike, ndipo mwezi utatha analongedza chikwama cha amuna awo akulira.

Achemwali anafika masana ndi galimoto, monga ananenera.

"Tiyeni achimwene, dzuwa lingatithere."

"Khalani kaye pansi, achemwali. Simungachoke pakhomo panga osadya."

"Tidya chiyani, waphika ndani?" anafunsa achemwaliwo akuyang'ana alamu awo.

A Mafupa anaika thabwa lawo patebulo. Anabaya kabichi, mpeni n'kuyamba kulira kuti tcha, tcha, tcha. Karoti, nkhaka, tomato, anyezi, peyala, zonse tizidutswa tofanana. Achemwali anali kukamwa yasa. Mchere wa m'kachitsekerero unalowa, mafuta analowa.

Kenako anaima.

Panatsala chinthu chimodzi, ankadziwa, koma dzina lake linathawa, ndipo patebulo sankachiona. Anayang'ana m'mbale. Anayang'ana mpeni. Thukuta linayamba kutsika. Kwa kanthawi sanadziwenso kuti anthu awiriwa akuwayang'aniranji, ndi kuti chikwama chili pakhomocho n'cha ndani.

"Mwaonatu, alamu," anatero achemwali akudzuka. "Bweretsa kuno, mwana wa mayi anga, ndikumalizire."

"Alamu, khalani pansi," anatero akazi a a Mafupa. "Asiyeni."

Ndimu inali pakona ya thabwa, mbali ya kumanzere, ndipo akazi awo ankaiona bwinobwino. Anapana manja awo pakati pa mawondo kuti asaloze.

A Mafupa anapuma mozama. Chinthu chikasowa timatani? Anagwira thabwa n'kuyamba kulizunguliza pang'onopang'ono. Ndimu inatulukira kumanja, yachikasu, ngati yangofika kumene kuchokera kumsika.

"Ndimu," anatero. "Unali kuti iwe?"

Anaibaya pamsomali, anaidula, anafinyira m'mbale, n'kugawa patatu.

Achemwali analawa mokayikira, ngati munthu amene wapatsidwa mankhwala. Anatafuna. Anatapanso. Ali pakati pa kudya anaima, n'kutulutsa kanthu m'kamwa. Inali nthangala ya ndimu.

"Iwe! Ngakhale m'masamba ukuikamo mafupa?"

"Kameneko ndi ka msuzi, achemwali. Ndakukomerani mtima."

Akazi awo anaseka chikhakhali, kuseka kumene a Mafupa anali asanakumve chidwalire, mpaka kusekako kunasanduka kulira. Anadzuka, ananyamula chikwama chija n'kukachibweza kuchipinda. Potuluka anali ndi kanthu kokulunga m'nsalu, ndipo anakaika patebulo, mbali ya kumanja. Unali mpeni wawo wa kubutchala uja.

Galimoto inabwerera ndi achemwali okha, atanyamula saladi wotsala m'kontena.

Lero mukapita kumsika kuja muwapeza a Mafupa ali ndi katebulo pafupi ndi butchala yomwe ija, thabwa la misomali lili patsogolo. Amagulitsa masamba oduladula kwa anthu ochokera kuntchito amene alibe nthawi yophika, ndipo ogula nyama ambiri amadutsira kwa iwo. Dzanja lamanzere silinabwerere mwakale. Chingwe cha mbaula chikadali m'chikwama cha akazi awo. Masiku ena mutu umasokonezekabe, ndipo makasitomala anazolowera kuima mbali ya kumanja. Koma madzulo aliwonse amabwerera kunyumba kwawo, ndipo mayi akamafika kuchokera kufakitale amapeza mbale ili patebulo.

Mwina inunso pali chimene chakuchokerani, dzanja, ntchito, kapena mutu umene kale unkagwira. Mwina anthu amene amakukondani ayamba kale kukambirana pabalaza za kumene akakusiyeni. Simukumvetsa chimene chikuchitika, ndipo a Mafupa nawonso sankamvetsa. Iwo sanadikire kuti mutu uyere kaye. Anayamba ndi tomato mmodzi, ali osokonezeka chomwecho. Ndiye inu mtima musautaye, abale anga. Chimene dzanja lakana kugwira, chipezereni msomali. Chimene mukuyesa kuti chasowa, zungulizani thabwa, mwina chili pompo.